Chitini cha Mapulagi Opumula

Apongozi anga aamuna ankakhulupirira kuti pulagi ya njinga yamoto siifa, imangotopa. Ankati ili ngati ng'ombe yapagoli: ikakoka miyezi ingapo uimasule, uiike pamthunzi, ndipo tsiku lina idzadzuka ndi mphamvu zake zonse. Chiphunzitso chimenechi sanachiwerenge m'buku lililonse. Anachitulukira okha, n'chifukwa chake ankachiteteza ngati mwana wobala okha. Ndikulemba nkhaniyi lero chifukwa iwo, apongozi anga aakazi ndi amuna anga onse anatsogola. Akanakhalapo ngakhale mmodzi, ndikanaisungabe mumtima.

Tinkakhala pamudzi wa kwawo kwa amuna anga, chakumbali ya Kasisi, m'zaka zotsatira chilala chija cha kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Apongozi anagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi kwa nthawi yaitali, ndipo popuma anagula njinga yamoto yakale imene ankayendera pantchitopo. Inali yaing'ono, ya mtundu uja umene petulo wake amasakaniza ndi oilo, ndipo ikadutsa inkasiya utsi wabuluu umene unkatsala panjira mwini wake atafika kale kumene akupita. Mawondo atayamba kuwavuta, woyendetsa anakhala amuna anga. Koma kuyendetsa kokha. Zam'kati mwa injini zinatsala m'manja mwa eni ake.

Kwa amene sanaigwirepo, pulagi ndi kachitsulo kotalika ngati chala, kovala dongo loyera chakumtunda. Amailowetsa mopotokola pamutu pa injini, ndipo kunsonga kwake kuli kampata kakang'ono kamene kamathetheka moto woyatsa petulo. Pulagi ikafa, njinga yonse imasanduka katundu wokankha.

Apongozi anali ndi mapulagi odzaza chitini cha mkaka waufa, ndipo chitinicho chinkagona pansi pa bedi lawo. Pulagi iliyonse inali yokulungidwa m'kansalu kakekake, moti maso awo atayamba kuchita chifunga ankaizindikira ndi kansaluko. Ya m'kansalu kobiriwira inachokera m'pampu ya madzi ya pafamu ina. Ya m'sokosi inachokera m'galimoto ya wansembe wina amene anabwerera kwawo kutsidya kwa nyanja kalekale, ndipo imeneyi ankaitchula motsitsa mawu ngati kuti inadalitsidwa. Panalinso ya m'jenereta, ya m'makina odulira mitengo, ndi ina yongotola mumsewu wa ku Lusaka, imene mbiri yake sinkadziwika koma inalandiridwa mwachikhristu. Yatsopano sankaifuna n'komwe. Akuti nthawi ina anagulapo imodzi pamsika m'tauni, ikunyezimira ngati mphete yaukwati, ndipo inazima asanafike panyumba. Kuyambira tsikulo anagamula kuti zinthu za masiku ano n'zokongola pamaso pokha. Zakuti mwina anagula ya nambala yolakwika, palibe amene anafunsa.

Njinga ikakana kulira panali mwambo wake. Chitini chinkatulutsidwa pabwalo. Ankasankha pulagi imene yapumula nthawi yaitali kuposa zonse, n'kuiwotcha pambaula mpaka mwaye utapsa, n'kuipala ndi sandipepala, n'kukulitsa kampata kaja ndi msomali mpaka chikhadabo cha chala chawo chachikulu chitalowa. Chikhadabo cha munthu amene wagwira khasu moyo wake wonse si chopyapyala. Pomaliza ankaiuzira mpweya katatu ndi kuipereka kwa amuna anga ndi manja awiri. Nthawi zambiri njinga inkalira ndithu, ndipo inkayenda bwino mpaka itatuluka m'dera limene apongozi akanatha kuimva. Ikafera patsogolo, mlandu unali wa woyendetsa.

Ine ndinaphunzira mpaka folomu yachitatu kwa masisitere, ndipo chilema chimene ndinatenga kumeneko n'chakuti pepala lililonse lolembedwa ndimaliwerenga. Tsiku lina ndikukolopa m'nyumba mwathu ndinapeza kabuku ka malangizo a njingayo katapindidwa pansi pa mwendo wa kabati, kumene kankagwira ntchito yoletsa kabatiyo kugwedera. Ndinakatulutsa n'kuwerenga tsamba ndi tsamba. Kankanena momveka kuti injini iliyonse ili ndi pulagi yakeyake, yodziwika ndi zilembo ndi nambala zolembedwa padongo loyera lija. Mazinga ake opotokolera ayenera kukhala a utali woyenera, osapitirira, osaperewera. Pulagi ina imasunga kutentha, ina imakutaya msanga, ndipo yolakwika imadzaza mwaye kapena kupsa kunsonga. Kampata kayenera kungolola kachitsulo kopyapyala koyesera. Ndipo pulagi yotha itayidwe. Za kupumula munalibe ngakhale mzere umodzi. Ndinabwereza kawiri, kuopa kuti mwina ndadumpha tsamba.

Koma kudziwa kwa mtengwa kuli ndi malire ake. Kwathu mkazi wokwatiwa pamudzi salankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso. Akakumana nawo panjira amapatukira m'mbali n'kugwada. Mawu ake amadzera mwa apongozi aakazi ngakhale onse atatu ali pabwalo limodzi, ndipo kuchipinda kwawo saponda. Mwambo umenewu sindiunyoza, pakuti unatisunga mwamtendere zaka zambiri pamudzi umodzi. Kungoti amene anaukhazikitsa sankadziwa kuti kudzabwera injini.

Ndikanakhala chete moyo wanga wonse pakanapanda ng'ombe. Kalabu yathu ya amayi a kutchalitchi inandipatsa ng'ombe yaikazi yamkaka, ya mawanga akuda ndi oyera, imene inali isanaberekepo. Pangano linali lakuti thole loyamba lalikazi ndidzapatse mayi wina. Malamulo anali olimba: nkhunzi zam'mudzi zisayandikire, kuopa kuwononga mtundu, ndipo ng'ombe ikapanda kutenga bere chaka chisanathe, ipite kwa mayi wotsatira pamndandanda. Ng'ombe zoterezi zinkathandizidwa ndi bambo wina wa ku Palabana amene anaphunzira ntchito yoika mbewu ya nkhunzi zamtundu, imene ankaisunga m'chigubu chozizira cholemera. Iye analibe choyendera, choncho wofuna thandizo ankapita kukamutenga. Ng'ombe nayo siidikira munthu. Ikayamba kulira ndi kukwera zinzake m'mawa, ntchitoyo ichitike dzuwa lisanalowe, apo ayi mudikire masabata ena atatu.

Ulendo woyamba inapita pulagi ya m'pampu. Njinga inafera kumene lero kuli nyumba za Silverest, panthawiyo kuli thengo ndi mipanda ya mafamu, ndipo amuna anga anabwerera akuikankha, malaya atanyowa mpaka m'chiuno. Apongozi anaweruza kuti anaithamangitsa kwambiri. Ulendo wachiwiri inapita ya wansembe. Mazinga ake anali aatali, moti anachita kuiveka timphete tachitsulo titatu kuti isagunde zam'kati. Njinga inafika ku Palabana ndithu, koma pobwerera inazima bambo wachigubu ali kumbuyo, ndipo iye anakwera minibasi kubwerera kwawo atanena mawu amene amuna anga anakana kundibwerezera. Apongozi anaweruza kuti anaiyendetsa pang'onopang'ono kwambiri.

Sabata yomweyo amayi apampando a kalabu anabwera kudzaona ng'ombe. Anaisisita pamsana, anayamikira ukhondo wa khola, kenako anandikumbutsa mwaulemu wonse kuti Disembala sali kutali ndipo bere liyenera kukhala litadziwika pofika nthawiyo. Mwayi unali utatsala umodzi.

Ndinaonetsa amuna anga tsamba lija la kabuku, chala changa chili panambala.

"Amake mwana," anatero, "nambala naiona. Manje mufuna nikawauze chani atate? Kuti kabuku kochirikiza kabati kadziwa zambiri kupambana iwo?"

"Muwauze kuti ng'ombe yanga ikupita."

"Ng'ombe ikapita tizalira tonse. Koma nikawauza kuti mapulagi awo ni zinyalala, nizagona kuti? Njinga ni yawo, munda ni wawo, na ine nine wawo."

"Nanga mutagula yatsopano, n'kusinthira panjira, n'kubwezeretsa yawoyo musanafike pachipata?"

Anandiyang'ana ngati ndawapempha kuti tikabe mbale ya zopereka. "Ndiye akanifunsa kuti yayenda bwanji? Nkhope yanga muidziwa."

Ndinkaidziwadi. Amuna anga anali munthu wabwino, ndipo sindinawamvepo akunama. Khalidwe limeneli ndinkalinyadira masiku onse kupatula sabata imeneyo.

Lachisanu lotsatira ndinapita ku Lusaka kukagulitsa mazira, nambala ija nditailemba pakapepala n'kukamanga pangodya ya chitenje. M'sitolo ya zipangizo za njinga munali amuna okhaokha. Wogulitsa anandiyang'ana kuyambira paduku mpaka kumapazi.

"Bamayo, mwasoba njira? Vitenge ni uko kuseli."

"Ndikufuna pulagi ya nambala iyi."

Anatulutsa ina m'kabati osayang'ana n'komwe pepala. "Tengani iyi. Ingena mulimonse. Mu pampu, mu motoka, olo mu wailesi."

"Nambala yake ndi ina."

"Ah, bamayo, vonse ni moto chabe!"

Ndinamuuza kuti ndikufuna yofanana ndi pepala chilembo ndi chilembo, ndipo ngati alibe ndipita pakhomo lotsatira. Anakwera pampando natsitsa kabokosi kafumbi. Ndinayerekeza zilembo, ndinayang'ana dongo ngati lili ndi mng'alu, kenako ndinamupempha kuti ayese kampata ndi kachitsulo kake koyesera. Anayesa akupukusa mutu, nauza anzake kuti, "Aba ni ba makanika, bangovala chabe chitenge." Onse anaseka. Ine ndinathokoza n'kutuluka.

Pulagi ndinali nayo tsopano, koma njira yake yolowera m'injini inali imodzi yokha: kudzera m'chitini, pansi pa bedi limene sindikanaliyandikira. Ndinaidetsa kunja ndi mwaye wa nyali ndi oilo wakuda, kunsonga ndinasiya koyera, ndipo masana ena amuna onse ali kudimba ndinapita kwa apongozi aakazi. Ndinawapeza akusankha mtedza wambewu. Ndinagwada, ndinayamba ndi za mitambo, kenako za msana wawo, kenako za ng'ombe. Anandisiya ndizungulire mpaka nditatopa ndekha.

"Apongozi," anatero, "chamene mwamanga pachitenjepo chikukulasani. Tulutsani."

Ndinamasula, ndinafotokoza cholinga changa maso ali pansi, ndikuyembekeza chidzudzulo. Iwo anaitembenuza pulagiyo m'manja, nainunkhiza.

"Mwaye mwachulutsa. Za m'chitini sizikuda chonchi." Anaipukuta pang'ono ndi nsonga ya nsalu yawo. "Yotsatira ni ya kansalu ka mizeremizere. Nizaiika m'menemo."

"Amayi, ndikuopa kuti ndikuwachimwira atate."

"Mbewu ya chimanga yamene amanyadira kuti ni ya agogo awo, muganiza ni ya agogo awo? Anankafumbwe anaitsiriza inu musanabwere pamudzi pano. Nimasintha ine chaka na chaka. Mwamuna uja safuna kuuzidwa, afuna kupeza yekha. Nchito yathu ni kuika pamene azapezapo."

Pulagi yeniyeni ya m'kansalu ka mizeremizere anaiponya m'chimbudzi tsiku lomwelo, kumene ikupumulabe mpaka lero.

Patapita sabata ndi masiku, ng'ombe inayamba kulira m'mamawa. Njinga, monga mwa chizolowezi chake pa masiku ofunika, inakana. Amuna anga anaponda kiki yolizira injini mpaka kutopa, ndipo chitini chinatulutsidwa. Ine ndinagwada patali, pafupi ndi nkhokwe, nkhope nditalozetsa kumbali koma makutu ali pachitini.

Apongozi anafunyulula kansalu ka mizeremizere, nayandikiza pulagi kumaso. Anaitembenuza uku ndi uku, moti ndinayamba kulapa chamumtima.

"Bwera uone," anaitana mwana wawo. "Ona kunsonga uku. Miyezi yonse ija m'chitini, yadziyeretsa yokha. Uzanenanso kuti kupumula sikugwira nchito?"

"Sininanenepo, atate."

"Unaganiza. Bweretsani mbaula."

Moto wa makala ukanatha kung'amba dongo lija. Koma apongozi aakazi anayankha ali m'khitchini, osasuzumira n'komwe.

"Mbaula nathira madzi. Makala anali kuthetheka, ninaopa udzu wa denga."

"M'mawa uno?"

"Moto udziwa nthawi?"

Anang'ung'udza pang'ono, koma popeza pulagi inali yoyera kale, za mbaula ndi sandipepala anazileka. Kenako anapisa m'thumba natulutsa msomali.

Ng'ombe inaliranso kukhola. Ndinadziwa kuti msomali ukangolowa m'kampata kaja, ulendo wa ku Lusaka wapita pachabe, ndipo ng'ombe itsatira. Apongozi aakazi sakanandithandiza apa, chifukwa za kampata ndinaiwala kuwafotokozera. Ndinaomba m'manja mofatsa, ndinatembenukira kukhitchini, ndi kulankhula mokweza kuposa mmene ndinalankhulirapo pamudzi umenewo.

"Amayi, mundikhululukire, ndifunseko kuti ndiphunzire. Kodi si paja atate anaphunzitsa kuti pulagi imene yadziyeretsa yokha saidzutsa ndi msomali, chifukwa kampata kake yadzikonzera kale?"

Amuna anga anayang'anitsitsa nsapato zawo. Mawu amenewo apongozi sanawanenepo chibadwire, ndipo ndikukhulupirira kuti ngakhale nkhuku zinkadziwa.

"Ananena," anayankha apongozi aakazi. "Ninalipo."

Apongozi aamuna anayang'ana msomali, anayang'ananso pulagi. Kukana kukanatanthauza kuti aiwala chiphunzitso chawo chomwe, ndiponso pamaso pa mtengwa.

"Muuzeni mpongozi wanga kuti ali na makutu abwino," anatero akubweza msomali m'thumba. "Uyu nabala ine, nzeru zake zonse zili ku mwendo wopondera kiki."

Anaiuzira katatu, naipereka ndi manja awiri. Amuna anga anailowetsa ndi zala, ndipo inatsika mofewa mpaka pansi popanda kamphete kowonjezera. Anaimanga pang'ono ndi sipanala, navekanso kachipewa ka waya. Kiki yoyamba, njinga inalira. Inalira mawu amene sindinawamvepo, osalala, opanda kutsokomola. Amuna anga ananditembenukira kamphindi, n'kubweza nkhope msanga, ngati munthu amene waona chinthu chimene safuna kukachichitira umboni.

Dzuwa litapendeka anafika ndi bambo wachigubu kumbuyo, ndipo ntchito inachitika. Masabata atatu anadutsa ng'ombe osalira, kenako enanso atatu. Bambo uja anabweranso kudzaiyesa, panjinga yomweyo, natsimikiza kuti ili ndi bere. Amayi apampando anabwera m'Disembala, anasisita ng'ombe pamsana, nabwerera opanda chingwe m'manja.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti mbiri ya chitini idzafalikira. Apongozi ankafotokoza chozizwitsacho pakhomo la tchalitchi, pamaliro ndi pachigayo. Anthu anayamba kubweretsa mapulagi awo otha kuti adzapumule kwa iwo, aliyense atakulunga yake m'kansalu, mpaka panafunika chitini chachiwiri. Eni mapampu a m'madimba analeka kugula atsopano. Mapampu angapo anakhala chete chilimwe chimenecho masamba akufota, ndipo pa mavuto amenewo ndili ndi gawo langa, limene ndinakaliulula kale koyenera. Njinga yathu yokha ndi imene inkayenda mokhulupirika, chifukwa pakapita miyezi ingapo ndinkabwerera kusitolo kuja, ndipo apongozi aakazi ankandiuziratu kansalu kotsatira. Izi zinapangitsa anthu kunena kuti chinsinsi chili m'kauziridwe ka mpweya, ndipo ena ankabwera kudzaonerera milomo ya apongozi. Amuna anga sanandifunsepo kanthu. Koma ndinaona kuti pansi pa mwendo wa kabati anaikapo kathabwa, ndipo kabuku kaja ndinakapeza m'bokosi langa la zovala za kutchalitchi, katawongoledwa bwino.

Ng'ombe inabereka mvula ya chaka chotsatira isanayambe, thole lalikazi la mawanga ngati make. M'mawa wake apongozi aamuna anabwera kukhola akutsimphina ndi ndodo, akazi awo ali pambuyo. Ndinapatuka n'kugwada pafupi ndi chomwera. Analiyang'ana tholelo nthawi yaitali, kenako analankhula kwa akazi awo, mokweza kuti ndimve bwino.

"Muuzeni mpongozi wanga kuti sukulu ni yabwino, ine siniletsa. Koma aone thole ili. Sembe tinathamangira za m'sitolo monga achitira ophunzira, bwenzi m'khola muno muli ndowe chabe. Aphunzire kudekha."

"Mwamva, apongozi?" anandifunsa amayi, nkhope yawo ili ngati ya munthu amene ali pa Misa.

"Ndamva, amayi. Muwathokozere atate chifukwa cha phunziro."

Patapita sabata ndinayamba kukama. Kapu yoyamba ndinaidzaza mpaka pakamwa, ndinaivundikira ndi kambale, ndi kuipereka kwa apongozi aakazi kuti akapatse atate, monga mwambo ufunira. Anailandira ndi manja awiri nauyamba ulendo wodutsa pabwalo. Atafika kuseri kwa nkhokwe anaima, navundukula kambale, namwa theka.